Dzulo khasu, lero desiki: katundu amene sukulu yaulere yasenzetsa makoleji

Mwana amene analowa Giredi 8 mu Januwale 2022, mwezi umene boma la Zambia linathetsa fizi m'sukulu zake, ndiye wolemba mayeso a Giredi 12 kumapeto kwa 2026. Iye ndi anzake ndi gulu loyamba chiyambire ndondomekoyi kudutsa sekondale yoyendera yonse kholo lisanagulitsepo mbuzi kapena thumba la chimanga poopa kuti mwana abwezedwa pageti. Kukanakhala kale, ambiri mwa iwo bwenzi atatsikira panjira: wina pa Giredi 9, wina atakwatiwa, wina ali ku Soweto Market mu Lusaka kukankha wilibala. Tsopano akufika kumapeto, ndipo funso lowadikira ndi lakale lomwe lija: akachoka apa, alowera kuti?

Yankho limene likumveka kuyambira kwa nduna mpaka kwa khansala ndi lakuti apite ku koleji akaphunzire ntchito zamanja. Ndi yankho labwino. Koma kolejiyo ili ndi makoma, makina ake ndi owerengeka, ndipo aphunzitsi ake ndi anthu otha kutopa. Dziko likaganiza zosunga achinyamata pa maphunziro zaka zambiri, amene amasenza kulemera kwa ganizolo pomaliza ndi makoleji. Malo abwino oonera nkhaniyi ndi Kanakantapa, m'boma la Chongwe, chifukwa malowa anabadwa poyankha funso lomweli.

Midzi yobadwa chifukwa cha ulova

Ukachoka mu Lusaka kulowera kum'mawa pa msewu wa Great East, Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45. Ili ndi dziko la Asoli, la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ngakhale kuti pamsika ndi m'minibasi chilankhulo chimene umamva kwambiri ndi Chinyanja. M'bomali ndi mmene boma la Kenneth Kaunda linapatula malo a Kanakantapa okwana mahekitala pafupifupi 10,000 mu 1988 kuti likhazikemo achinyamata osowa ntchito ochokera m'tauni. Malo ena otere anatsegulidwa ku Kambilombilo, m'chigawo cha Copperbelt.

Nthawi imeneyo zinthu zinali zitathina. Mtengo wa kopa unagwa cha m'ma 1975 ndipo sunadzukenso msanga. Mu Disembala 1986 anthu ku Copperbelt anachita zipolowe mtengo wa ufa utakwera, ndipo mu Meyi 1987 Kaunda anathetsa mgwirizano ndi bungwe lobwereketsa ndalama la IMF. Makomboni a mu Lusaka anadzaza ndi anyamata ndi atsikana amene sukulu inawalavula, makampani osawalemba. Boma linkalalikira kuti anthu abwerere kumunda. Linali litayesapo kale njira zina: malo ophunzitsira ulimi kumidzi a m'ma 1975, komanso kukakamiza omaliza Fomu 5 kulowa Zambia National Service. Kanakantapa inali kuyesa kwina. Wachinyamata apatsidwe munda wake, aphunzire kulima, asiye kuyendayenda m'misewu.

Boma la Japan linathandiza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pa zomangamanga za malowa. Midzi yake inatchulidwa ndi zilembo, Village A, Village B, kumapita choncho, chizindikiro chakuti inayambira pa pepala la mu ofesi, osati pa mbumba ya agogo. Si onse amene anabwera anakhalitsa. Kulima kumafuna ng'ombe, mbewu, feteleza, madzi ndi msika, ndipo mnyamata wokulira m'komboni ya Matero kapena ya Chawama sasanduka mlimi chifukwa chakuti wasonyezedwa malire a munda. M'kupita kwa zaka, ntchito yokhazika anthu m'malo otere inayamba kulandiranso opuma pantchito ndi ochotsedwa ntchito. Amene anapirira anamanga mabanja, ndipo lero ana ndi adzukulu awo ndiwo ali m'makalasi a sukulu yaulere.

Phunziro la 1988 ndi losavuta kulimva: kupezera wachinyamata malo okhala n'kosiyana ndi kumupatsa zomuyenereza kudziimira payekha. Kale malowo anali munda. Lero ndi desiki.

Zipata zimene zinkasefa ana

Kwa zaka zambiri maphunziro a ku Zambia ankayenda mosefa. Pa Giredi 7 panali mayeso, pa Giredi 9 mayeso, ndipo amene sanafike pa cut-off point ankabwerera kunyumba ngakhale atakhoza, chifukwa malo ku sekondale anali ochepa. Amene wadutsa mayeso ankakumana ndi chipata china, cha ndalama. Motero pofika pa Giredi 12 gulu linali litachepa kale, ndipo makoleji ankalandira otsala ochepawo.

Zipatazi zakhala zikutseguka chimodzichimodzi. Mu 1997 boma linalola kuti mtsikana amene watenga mimba abwerere kusukulu akabereka. Mu 2002, nthawi ya Levy Mwanawasa, fizi ya Giredi 1 mpaka 7 inathetsedwa. Hakainde Hichilema atapambana zisankho za mu Ogasiti 2021, boma lake linachotsa fizi, ndalama za komiti ya makolo ndi aphunzitsi (PTA) ndi za mayeso kuyambira sukulu ya mkaka mpaka Giredi 12, ndipo mu 2022 linalemba aphunzitsi 30,496 pa nthawi imodzi. Boma limanena kuti ana oposa 2 miliyoni awonjezereka m'sukulu chiyambire ndondomekoyi. Kumapeto kwa 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa pamwambo.

Zonsezi zikukankhira mbali imodzi: mwana akhale pasukulu nthawi yaitali. M'dziko limene kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 19.6 miliyoni, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata, kusintha kotere sikungathere pa sekondale. Mayunivesite a boma sangamwe gulu lonseli. University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ndi anzake amatenga okhoza bwino kwambiri. Ena onse amayang'ana ku makoleji.

Ndalama inafika ku wadi

Chimene chinasintha zinthu mwachangu ku makoleji ndi thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF. Pofika 2021 dera lililonse linkalandira K1.6 miliyoni pachaka. Mu bajeti ya 2022, imene nduna ya zachuma Situmbeko Musokotwane anawerenga, ndalamayi inalumpha kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mwa madera 156. Inakweranso kufika pa K28.3 miliyoni mu 2023, K30.6 miliyoni mu 2024 ndi K36.1 miliyoni mu 2025. Gawo lina la ndalamayi ndi la basale: ya ana a sekondale yogonera komweko, ndi ya achinyamata ofuna kuphunzira ntchito zamanja.

Kwa mnyamata wa ku Kanakantapa, njira yake imayenda chonchi. Amayamba wapeza kalata yomulandira ku koleji yolembetsedwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Kenako amadzaza fomu, n'kukaisiya ku komiti ya chitukuko ya wadi. Komitiyo imasankha mayina n'kuwatumiza ku komiti ya CDF, ndipo khonsolo ndiyo imalipira kolejiyo. Dzina likatuluka pa mndandanda, pakhomo pamakhala chimwemwe. Mwana amene wakhala akuyankha kuti "ndili chabe panyumba" aliyense akamufunsa, tsopano ali ndi kopita.

Kwa mkulu wa koleji, ndalamayi ndi dalitso lobwera ndi mutu wake. Makalasi a ukalipentala, umakaniko, zamagetsi, utelala, zophikaphika ndi kuwotcherera zitsulo, amene kale ankavutika kupeza ophunzira otha kulipira, adzaza. Koma wophunzira amafika tsiku lotsegulira, pamene ndalama yake imadutsa m'makomiti ndi m'maofesi a khonsolo. Koleji imodzi imatha kukhala ndi ophunzira ochokera m'madera ambiri, dera lililonse lolipira pa nthawi yake. Ndalama ikachedwa, mkuluyo ali ndi njira ziwiri, zonse zowawa: kubweza mwana amene sanalakwe kanthu, kapena kuphunzitsa pa ngongole, simenti ndi matabwa osagula.

Palinso china. Pamene pali ndalama yotsimikizika, ochita malonda amanunkhiza. Nyumba imene dzulo inali shopu imatha kupakidwa penti n'kukhomedwa chikwangwani cha sukulu ya luso. N'chifukwa chake TEVETA imalembetsa makoleji n'kuwaika m'magiredi atatu molingana ndi zipangizo ndi aphunzitsi amene ali nawo. Koma kuyendera makoleji ochuluka m'dziko lalikulu chonchi kumafuna anthu ndi mafuta a galimoto, ndipo kholo la kumudzi silikhala ndi njira yapafupi yodziwira ngati kuseri kwa chikwangwanicho kuli makina.

Pamene kuchuluka kumaonekera

Kalasi ya sekondale ili ngati ndiwo za msuzi: alendo akachuluka umathirako madzi, aliyense n'kunyowetsa mbamu yake. Ana 40 akasanduka 90, mphunzitsi wa mbiri amakweza mawu, ana amakhala atatuatatu pa desiki, ena pansi, phunziro n'kumapita ngakhale losukuluka. Ku wekishopu zimenezi sizitheka.

Taimani pakhomo pa wekishopu ya zowotcherera. Wophunzira mmodzi wavala chigoba kumaso, wagwira chogwirira ndodo, akuyesa kuyatsa moto pa chitsulo. Koyamba ndodo imamatirira. Kachiwiri moto umayaka koma dzanja likunjenjemera, ndipo mzere umatuluka wa mabampu. Mphunzitsi amamugwira pamkono, kumuuza kuti atsitse pang'ono, asathamange. Akagogoda makoko ndi kahamala, pansi pake pamaoneka timaenje. Ayambirenso. Luso limeneli limalowa m'dzanja pambuyo pa ndodo zambirimbiri zopserera ndi zitsulo zambiri zowonongeka. Tsono ngati makina ali awiri ndipo ophunzira ndi kalasi yodzaza, ambiri amathera tsiku ataimirira kumbuyo, manja m'matumba a ovolosi, akuonera mnzawo. Pakutha pa chaka onse alemba mayeso, koma amene wagwiradi chitsulo mokwanira ndi ochepa.

Chimodzimodzi kwa omanga. Khoma lophunzirira amalimanga m'mawa n'kuligumula madzulo. Wa zamagetsi amadula mawaya amene sadzalumikizikanso. Wa zophikaphika amafuna ufa, mazira ndi mafuta tsiku lililonse. Telala wophunzira amawononga nsalu asanasoke siketi yovalika. Wophunzira aliyense wowonjezereka amadya zipangizo, ndipo zambiri mwa izo, monga ndodo zowotcherera, mawaya ndi zida za makina, mitengo yake imayendera dola. Kuyambira mu Januwale 2017 olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa 0.5 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti uthandize maphunziro a luso, koma makina a wekishopu ndi okwera mtengo ndipo amakalamba.

Chaka cha 2024 chinaonetsa kufooka kwina. Pa 29 Febuluwale Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, ndipo magetsi ankazima maola ochuluka kuposa amene ankayaka. Kalasi ya choko ndi bolodi imapitirira dzuwa likamawala. Makina owotcherera, opala matabwa ndi osula zitsulo amangokhala chete. Koleji yopanda jenereta kapena sola yamphamvu imasandutsa maola a wekishopu kukhala maola olemba manotsi.

Wophunzira wamtundu wina

Kuchuluka si nkhani ya chiwerengero chokha. Amene akulowa pageti la koleji lero ndi wosiyana ndi wa zaka 20 zapitazo. Pali amene wachokera m'kalasi ya ana 90, satifiketi ali nayo, koma tepi muyezo imamusokoneza: kusintha mamilimita kukhala masentimita, kuwerengera malata a denga, kupeza kuchuluka kwa njerwa pa khoma. Pali amene amamva zonse mphunzitsi akafotokoza m'Chinyanja kapena m'Chisoli, koma funso lomwelo likabwera m'Chingerezi pa pepala la mayeso, mutu umaima. Pali mayi wachitsikana amene anabwerera kusukulu atabereka, ndipo m'mawa uliwonse amayamba waganiza za womusiyira mwana. Palinso wamkulu wa zaka 30 amene anasiya sukulu kalekale, basale yamudzutsa.

Ndiye pali amene sanasankhe yekha. Ankafuna unamwino, koma malo amene anapezeka ndi a zamapaipi, ndipo kunyumba anamuuza kuti, "Pita mwanawe, ndi zaulere, ukhaliranji pano?" Wotereyu amafika thupi lokha. Mphunzitsi amene anaphunzira kukonza injini amapezeka akugwiranso ntchito ya mphunzitsi wa masamu, ya mlangizi, nthawi zina ya kholo.

Izi si za ku Zambia kokha. Ku England lamulo la 2008 linati wachinyamata azikhala pa maphunziro kapena pa kosi ya ntchito mpaka zaka 17 kuyambira 2013, ndi mpaka zaka 18 kuyambira 2015. Ambiri mwa amene sanakhoze bwino pa zaka 16 anapita ku makoleji a ntchito. Kuyambira 2014 boma linalamula kuti amene sanakhoze bwino Chingerezi ndi masamu apitirize maphunziro awiriwa ali ku koleji komweko. Makoleji amene ankadziwika ndi kuphunzitsa omanga ndi okonza tsitsi anayamba kusakasaka aphunzitsi a masamu ndi maholo olembetsera mayeso obwereza. Pa zaka zomwezo ndalama yoyambira imene boma linkapereka pa wophunzira mmodzi inaima pa mapaundi 4,000 kuchokera 2013 mpaka 2020. Ngati dziko lolemera linapunthwa pamenepa, ndiye kuti vutoli ndi la kapangidwe ka ndondomeko: lamulo losunga ana ndi losavuta kulemba, koma zofooka zonse za m'makalasi a m'munsi zimakatuluka pa tebulo la koleji.

Agona kuti?

Kanakantapa ili pafupi ndi Lusaka pa mapu, koma si pafupi kwa munthu woyenda tsiku ndi tsiku. Kuchoka m'midzi ya m'kati kufika pa msewu waukulu ndi ulendo pawokha, makamaka nthawi ya dzinja. Makoleji akuluakulu monga Evelyn Hone, imene inatsegulidwa mu 1963, Lusaka Business and Technical College ndi Natural Resources Development College ali m'tauni. Palibe amene angakwanitse thiransipoti yopita ndi kubwera masiku asanu pa sabata ndi ndalama ya tomato. Tsono mwana ayenera kugona konko.

Mahositelo a makoleji anamangidwa poganizira gulu lochepa lakale. Malo akatha, ophunzira amagona awiri pa bedi limodzi kapena amapita ku ma boarding house, nyumba za anthu wamba zimene chipinda chimodzi chimalowa mabedi osanjikiza. Lendi imafunika mwezi ndi mwezi, kudya ndi kwa iwe mwini. Kholo limene limaganiza kuti basale yathetsa zonse limadzidzimuka foni ikalira: "Amayi, ufa watha, a landilodi akufuna ndalama." Thumba la chimanga limene silinagulitsidwe chifukwa cha fizi limagulitsidwa chifukwa cha lendi.

Kwa mtsikana nkhaniyi ndi yolemera kuposa apa. Malamulo amuteteza ku ukwati ali kumudzi, koma m'tauni ali yekha, njala ikumupweteka, ndipo pali amuna a magalimoto odziwa bwino nyumba zimene ophunzira amakhala. Koleji yopanda hositelo yokwanira ya atsikana imatha kutaya pa chaka chimodzi zimene sukulu yasunga kwa zaka 12. Ndipo kuthithikana kuli ndi ngozi yake: kolera ya kumayambiriro kwa 2024, imene inachedwetsa kutsegulira sukulu mpaka mu Febuluwale, inakumbutsa aliyense kuti chimbudzi ndi mpopi nazonso ndi mbali ya maphunziro.

Mphunzitsi ndi malo oyeserera ntchito

Aphunzitsi 30,496 aja anapezeka msanga chifukwa anali kale pakhomo, mapepala ali m'manja. Mphunzitsi wa luso sapezeka choncho. Amafunika munthu amene wagwirapo ntchitoyo zaka, wodziwanso kuphunzitsa. Koma munthu wodziwadi kukonza makina akuluakulu kapena kulumikiza magetsi a fakitale ali ndi kopita kwina: migodi ya ku Solwezi ndi Kalumbila, makampani omanga, kapena shopu yakeyake. Koleji imapikisana ndi olemba ntchito omwewo amene ikuwakonzera antchito. Ikalephera, imatenga amene wamaliza kosi chaka chatha kuti aphunzitse a chaka chino, luso n'kumapungulika m'badwo ndi m'badwo.

Kosi ya ntchito zamanja simatha popanda atachimenti, miyezi imene wophunzira amakagwira ntchito yeniyeni pa kampani. Ophunzira achuluka, koma magalaja, mahotela ndi mafakitale olembetsedwa sanachuluke pa liwiro lomwelo. Anthu ambiri ogwira ntchito ku Zambia ali m'mabizinesi osalembetsedwa. Amisiri enieni ambiri ali m'mbali mwa misewu ya ku Garden ndi Kalingalinga mu Lusaka, kumene mageti, mafelemu a mawindo ndi mipando zimapangidwa poyera. Anyamata ochuluka aphunzira ntchito kumeneko, kwa amalume kapena kwa bwana wa shedi, osapondako ku koleji. TEVETA ili ndi mayeso a trade test amene munthu wotere angalembe n'kupeza pepala. Njira imeneyi ikadakula, amisiri a m'misewuwa akadakhala othandizana ndi makoleji, wophunzira n'kumagawa sabata pakati pa kalasi ndi shedi.

Chenjezo lochokera ku uphunzitsi

M'boma la Chongwe lomweli muli Chalimbana, malo amene akhala akusula aphunzitsi kuyambira 1939 ndipo anasanduka yunivesite mu 2013. Uphunzitsi ndi ntchito yolemekezeka, ndipo kwa zaka zambiri unali khomo lodalirika la mwana wa mlimi. Koma taonani zimene zinachitika makoleji a uphunzitsi, a boma ndi a anthu wamba, atachuluka m'dziko lonse. Pamene boma linalengeza malo 30,000 mu 2022, ofunsira anaposa 100,000. Ena anali atakhala pakhomo zaka zingapo chimalizireni.

Chifukwa chake n'chodziwika. Koleji ikapanikizika ndi chiwerengero, imakulitsa makosi otsika mtengo kuphunzitsa, amene amangofuna chipinda, mipando ndi bolodi. Kutsegula kalasi ina ya zamalonda kapena ya uphunzitsi n'kosavuta kuposa kugula makina ena osulira zitsulo. Ndalama ikamatsata mutu wa wophunzira posayang'ana mtengo weniweni wa kosi yake, mkulu aliyense wanzeru adzachita zomwezo. Mapeto ake, ulova sunathe, wangochedwetsedwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo wabwera utanyamula dipuloma.

Maiko ena anadutsamo m'njira zofanana. Ku Malawi, Bakili Muluzi atathetsa fizi ya pulayimale mu 1994, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni pa chaka chimodzi. Boma linalemba aphunzitsi osaphunzitsidwa mokwanira, ana n'kumaphunzira pansi pa mitengo, ndipo gululo litakula linapeza malo ochepa kumtunda. Makoleji a luso a m'madera anayamba kutsegulidwa mu 2015, patapita zaka 21. Ku Ghana, sekondale yaulere itayamba mu Seputembala 2017, chaka chotsatira boma linagawa ophunzira m'magulu awiri osinthana, ena ali pasukulu ena ali patchuthi, chifukwa nyumba sizinakwane. Konseko chitseko cha m'munsi chinatsegulidwa chipinda cha pamwamba chisanamangidwe.

Zimene Kanakantapa ikufuna

Wina angamve zonsezi n'kuganiza kuti kunali bwino kale, pamene zipata zinkasefa. Ayi. Kusefa kuja ndiko kunadzaza makomboni ndi achinyamata amene boma linasowa nawo chochita mu 1988. Mtsikana amene wafika Giredi 12 m'malo mokwatiwa ali ndi zaka 15 wapindula kale, ngakhale koleji itamuvuta. Nkhani ndi yakuti ndalama ndi maganizo zitsatire anawo kumene akupita.

Choyamba, si luso lililonse lofuna kuti mwana asamukire ku Lusaka. Ntchito zimene zikudikira ku Kanakantapa zikuoneka ndi maso: mapampu a m'madimba amene amafa nthawi yothirira, masola amene akufalikira m'midzi popanda wowakonza, mijigo, zigayo, njinga zamoto, makola a nkhuku, tomato amene amaola mitengo ikagwa ku Soweto chifukwa palibe womuumitsa kapena kumupanga sosi. Msika waukulu wa dziko uli pa mtunda wa ola limodzi kapena awiri. Ndipo zitsanzo zili pafupi. Kasisi Agricultural Training Centre, imene Ajezuiti anayambitsa mu 1974 motsogozedwa ndi Brother Paul Desmarais, yakhala ikuphunzitsa alimi ang'onoang'ono makosi aafupi a ulimi wosadalira feteleza ndi mankhwala ogula, munthu n'kubwerera kumunda kwake kukayesa zimene waphunzira. Ku Palabana, m'boma lomweli, kuli mbiri yaitali yophunzitsa ulimi wa ng'ombe zamkaka. Makosi otere, ochitikira kufupi ndi kwawo kwa wophunzira, amachotsa vuto la lendi ndipo amachepetsa mzere wa pa makina m'tauni.

Chachiwiri, sekondale ithandize koleji. Silabasi ya 2013 inabweretsa njira ziwiri, ya maphunziro a m'mabuku ndi ya ntchito zamanja, kuti mwana azitha kutuluka ndi pepala la TEVETA ali kusukulu. Silabasi yatsopano ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025 n'kubwezeretsa mafomu m'malo mwa magiredi a sekondale, ikulimbikitsanso luso. Koma njira ya ukalipentala pa sukulu yopanda sowo ndi dzina chabe. CDF yagula madesiki ambiri. Yafika nthawi yakuti makomiti a wadi afunsenso za mabenchi a wekishopu ndi zida zake.

Chachitatu, ndalama ya basale ifike kosi isanayambe, ndipo isiyanitse mtengo wophunzitsa wowotcherera ndi wophunzitsa kalaliki. Gawo lina lipite ku hositelo, makamaka ya atsikana, ndi ku malipiro otha kusunga mmisiri weniweni m'kalasi.

Chomaliza ndi kawerengedwe. Pa misonkhano timamva chiwerengero cha achinyamata amene alandira basale, anthu n'kuwomba m'manja. Chiwerengero chimenecho chimangonena za olowa. Komiti ya wadi ya Kanakantapa ili ndi mayina a onse amene inawatumiza ku koleji kuyambira 2022, ndipo makolo awo imawadziwa nkhope. Palibe chovuta kukhala pansi chaka ndi chaka n'kufunsa za aliyense: anamaliza kodi? Mayeso a TEVETA anakhoza? Lero akudya za luso limene anaphunzira, kapena wabwerera pakhomo? Koleji imene ophunzira ake akugwira ntchito ilandirenso ena. Imene imangobweza ana ndi chithunzi cha gauni ifotokoze chifukwa chake isanalandire ndalama ina ya anthu. Mayankho a mafunso atatuwa ndiwo angauze khonsolo ya Chongwe kosi yoyenera kulipirira chaka chamawa, ndi kholo koleji yoyenera kutumizako mwana.